Mapesi Amene Amayi Anatentha

Ndirande, Blantyre
23 Okutobala 2017

Wokondedwa mng'ono wanga Dorika,

Landira moni wochokera kwa mkulu wako. Kodi muli bwanji konko ku Nsaru? Chifuwa cha amayi chinasiya? Ine ndilipo, kungoti miyendo ikutupa. Ndimapalasa makina osokera kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo ndikafika kunyumba ndimangodziponya pamphasa nsapato zili kuphazi. Zaka zisanu ndi zinayi ndikusokera ana a eni mayunifolomu. Ndatopa, Dorika.

Bungwe lija layankha. Ndikunena lomwe ndinalimva pawailesi kuti likupereka thandizo losabweza kwa alimi olima ndi manyowa okhaokha: mbuzi zisanu, pampu yothirira dimba ndi maphunziro. Mafomu ake anali masamba khumi ndi awiri, Chingerezi chokhachokha, moti ndinachita kutuluka nawo thukuta. Ndinalembamo kuti munda wa amayi watha zaka zitatu tikuuphimbira ndi mapesi ndi masangwi a mtedza, osaunga mizere, osatentha kanthu. Sindinaname. Ukudziwa wekha mmene ankatisekera kuti munda wa a Naphiri wasanduka dzala.

Sitinasankhidwe.

A Gibson, mlangizi wa bungwelo, anandiimbira Lachiwiri. Akuti tinali pakati pa khumi oyambirira, kunangotsala kuti aone munda ndi maso. Atafika anapeza phulusa ndi mizere yatsopano yowongoka bwino. Phesi ngakhale limodzi panalibe. Akuti malamulo awo salola kuthandiza munda wotenthedwa, ndipo tikhoza kudzapemphanso pakatha zaka zina zitatu, ngati bungwelo lidzakhalepobe.

Cholakwa ndi changa. Iwe unali kumaliro ku Nambuma, ndiye ndinaimbira amayi. Foni inkadukaduka, ndinangoti Lachinayi kukubwera alendo olemekezeka kudzaona munda, akonzekere. Ukuwadziwa amayi ako pa nkhani ya alendo. Ngakhale wodzagula nkhuku amamusesera pabwalo. Anaitana anzawo a Chigwirizano, nasosa munda wonse masiku awiri, naunjika mapesi aja n'kuyatsa moto. Alamu anga a Obadiya akuti anayesa kuwaletsa, koma anawayankha kuti mkamwini saphunzitsa mwini munda kulandira alendo.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi mawu awo alendo atachoka. Anandiimbira akuseka, mawu ali gwa ngati a mtsikana: "Mwanangu, sindinakuchititse manyazi. Munda unali mbee ngati bwalo la tchalitchi." Alendowo amayi anawapatsa nkhuku ndi chitete cha mtedza. A Gibson akuti anangolandira ndi manja awiri.

Ine ndinali nditawauza kale akapitawo kuti Disembala ndikusiya ntchito, ndikupita kwathu kukaweta mbuzi. Ndinali nditayamba kugawira anzanga ziwiya zina. Dzana ndinabwerera kukagwada kuti andisunge. Anaseka kaye, kenako anandilozera makina anga omwe aja. Sindinalire, mphamvu yake ndinalibe.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi asadziwe chifukwa chake. Ukawauze kuti opempha anali ambiri ndipo ife sitinasankhidwe, limenelo si bodza. Uwatsinenso khutu a Obadiya, poti pakamwa pawo sipachedwa kutseguka akakhala pagulu. Amayi akalamba, ndipo masiku awiri aja anawerama padzuwa chifukwa cha ine. Akamva kuti moto wawo ndi umene wandisiya kuno, chifuwa chija chidzawagoneka. Kanyumba kamene akundizirira kaja uwalole amalize, koma uwauze pang'onopang'ono kuti pa Khirisimasi ndidzangobwera kudzacheza, kenako ndidzabwerera.

Undiperekere moni kwa amalume a Jameson, azakhali a Benedeta, alamu anga ndi ana onse. Amayi uwagwire dzanja m'malo mwanga, uwauze kuti ndathokoza, alendo anga anawalandira bwino.

Ndine mkulu wako wokusowa,

Tisiyenji