A Phiri Alipirira Alamu Msonkho

Lachisanu, Okutobala 1938. Kwatentha, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

A Phiri, mkulu wa mpingo yemwenso ndi kapitawo kumunda wa fodya wa mzungu, alipirira alamu anga msonkho ku Jemusoni. Alamuwo akudwala chifuwa, sanalime chaka chino. Amesenjala sadzawamanganso.

"Musathokoze ine, aphunzitsi," anatero a Phiri. "Mulungu anatilamula kuthandiza osauka."

Ndinathokozabe. Koma osauka ndi ambiri m'mudzi muno, ndipo sindinamvepo kuti anathandiza wina. Chiphaso cha msonkho sanawapatse alamu, anachiika m'thumba mwawo. Potuluka anafunsa mlongo wanga, mkazi wa alamuwo, ngati mwana wake wamkazi, Tisauke, anatha msinkhu.

Mawa m'mamawa ndimuperekeza Tisauke kwa abale ku Tamanda. A Phiri akadzafunsa, kaya ndidzati chiyani.