Meza Imene Ankati Yakwiya ndi Mimba ya Benilde

Fingoe, Maravia
Mwezi wa Setembro

Okondedwa mana Rosária, achemwali anga,

Ndiyambe ndi moni, ngakhale nkhani ikundiyabwa pakamwa. Muli bwanji kumeneko ku Petauke? Alamu anga a Valentim mwendo uja unapola? Nanga ana? Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa likuwotcha ngati tinalilakwira. Mbuzi zanu zija zaswa, ina mapasa.

Tsopano khalani pansi, mana. Ndapambana. Ndikunena mosapsatira, pakuti mumandidziwa, sindizungulirazungulira ngati galu wofuna pogona.

Nelito wathu, chitsiriza cha amayi, akukumbabe golide ku maenje a a Caetano, mdala uja amene amagawira anyamata malo okumba. Mkazi wake Benilde ali ndi pakati. Inu munalibe kumva kuti Nelitoyo amawotchera merikuliyo m'kozinya, pa mafuwa omwewo ophikirapo. Ndi mankhwala onyezimira aja othamanga ngati madzi. Amawasakaniza ndi mchenga kuti golide amamatire, kenako amawotcha pa supuni, mankhwalawo n'kuuluka, golide n'kutsala.

Benilde atapita ku sikelo, namwino anamuuza kuti utsi umenewo suoneka, koma umalowa m'magazi n'kukapeza mwana m'mimba, kukamuwononga mutu. Ine sindinachite kufunsa kawiri. Amalume a João awotcha zimenezi zaka zambiri, lero manja awo amanjenjemera mpaka tiyi amathera pa malaya.

Ndinapita kwa Nelito, ndinamutcha mbuzi ya miyendo iwiri. Iye anandiyankha kuti kutukwana sikudyetsa banja, ndimuonetse njira ina yolekanitsira golide ndi mchenga wakuda, botolo lake la merikuliyo alisiya tsiku lomwelo. Ndinabwerera kunyumba kukaswa mutu.

Vuto lake ndi ili. Ukatsuka dothi m'basiya, beseni lija, zopepuka zimapita ndi madzi, pansi pamatsala golide ndi mchenga wakuda wolemera, awiriwa osafuna kusiyana. Koma mchenga wakudawo ndi wachitsulo. Ndinazindikira tsiku lina ndikukonza wailesi ya munthu nditakhala pansi: maginito a kumbuyo kwa sipika nditawatola anali atamera ndevu zakuda. Golide ndiye maginito alibe naye chibale.

Ndinakhoma meza, tebulo titero, ya matabwa yopendekeka, ndi timizere. Ndinaipachika pa malamba a bolasha odula ku matayala akale. Ndinaikapo motori ya pampu yothirira dimba ndi gudumu lolemera mbali imodzi kuti izigwedeza. Pamwamba ndinapingasa mtanda wa maginito okutidwa ndi pulasitiki. Madzi akuyenda, meza ikunjenjemera pang'onopang'ono, mchenga wakuda ukudumphira m'mwamba, golide akutsetsereka yekha ku ngodya. Wotsalayo umangosungunula ndi ufa woyera wa borakisi umene ndinaitanitsa ku Tete. Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi, koma chinthu chimenechi palibe anandigwira dzanja.

A Caetano analola kuti ndikaonetse kumtsinje kumene amatsukira. Anandipatsa mchenga wa dzenje lawo lomwe. Anthu anadzaza. Meza inayenda bwino ngati mwana womvera, ine chifuwa chili panja.

Ndiye anafika Benilde atasenza thobwa la mwamuna wake. Anthu pokankhana kuti aone, wina anamugunda, iye n'kugunda meza ndi chiuno.

Mana, meza inapenga. Inayamba kudumpha ngati yagwidwa ndi mizimu, kumenya mtanda wa maginito, kumwaza madzi, mchenga wa mdala uja ndi golide wake yemwe n'kuthera m'matope. Ndinachepetsa moto wa motori pang'ono, iyo osaleka. Ndinachita kuzimitsa motori.

A Caetano sanakweze mawu. Anati aliyense amadziwa kuti mkazi wapakati safika pamalo a golide, golide amathawa, ndipo lero taona kuti ndi zitsulo zomwe zimakwiya. Anati mezayo yadetsedwa, ichoke. Ndinali nditagwira sipanala, ndipo akanapanda Adelina mkazi wanga kundikoka malaya, kalata ino ndikanalembera m'kadeya, m'ndende muja.

Chimene chinandiwawa si meza. Nelito anakalipira mkazi wake pamaso pa anthu, akuti wamuchititsa manyazi, akapepese. Sabata yomweyo anawotchanso m'kozinya. Benilde anamanga katundu, ndipo amayi ake anatumiza mawu kuti abwera kudzamutenga apite naye ku Chiputo. Mukudziwa Chiputo mvula ikagwa: ngakhale mota, njinga yamoto ija, siifika, ndipo mimba ndi yoyamba. Akakhala, utsi. Akapita, kubereka kutali ndi chipatala. Zonsezi chifukwa cha matabwa anga.

Ndinakweza meza pangolo, kunyumba. Masiku angapo ndinkangoilizaliza. Adelina ankati ndakwatira wachiwiri.

Mverani chimene ndinapeza. Ine poliza motori sindinyengerera, ndimaikalipitsa kaye kenako n'kutsitsa moto kufika pamene ndikufuna. Ndikatero meza imafatsa. Koma tsiku lina ndinayamba pansi, kukweza pang'onopang'ono kufika pamalo omwewo, ndipo meza inavina. Moto womwewo, meza yomweyo, makhalidwe awiri! Zimangotengera kumene wachokera. Ndipo ikakhala yofatsa pamalo amenewo, ukangoigunda imalumphira ku khalidwe linalo, osabwereranso yokha.

Mlandu ndi wa bolasha. Ukaikoka pang'ono imalola, ukaikoka kwambiri imauma n'kubweza mwaukali, ndiye meza ikayamba kudumpha imadzipatsa yokha mphamvu. Chodabwitsa china n'chakuti mankhwala ake si kuchepetsa moto ayi. Uwonjezere. Imadumpha, imadumpha, kenaka mwadzidzidzi phee. Ndipo pamwamba pamenepo ngakhale uimenye bwanji siisuntha mtima. Pa chokwezera moto ndinapaka penti yofiira pamalo oipawo, yoyera pamalo abwino.

A Caetano anakana kuti ndibwererenso. Ndinawapeza pamsika wa Fingoe akusankha nsomba zouma, ndinawauza pamaso pa amayi ogulitsa kuti ngati akuopa matabwa anene, tiwamvetsa, ukalamba ndi choncho. Mawa lake ndinabwezera meza kumtsinje, iwo anafika nkhope ili gwa. Analamula kuti akazi onse aime patali pansi pa mtondo, Benilde pamodzi nawo.

Ndinatsitsa moto kuchokera pamwamba kufika pa penti yofiira, meza ili phee. Ndinawafunsa mdala mwaulemu wonse ngati iwo ali ndi pakati. Anati ndisawachite chipongwe. Ndinati ndiye palibe choopa, aigunde ndi phazi.

Anaigunda. Inavina kuposa tsiku lija!

Anthu anagwa nako kuseka. Nicolau, mnzake wa Nelito wokumba naye dzenje limodzi, anafuula kufunsa kuti mdala achira mwezi uti, tiyambiretu kusoka matewera. Ndinaifatsitsa meza, ndinaitana Nelito kuti naye aigunde. Inavinanso. Nicolau anati mliri wa mimba wagwa pamgodi, amuna onse apite ku sikelo.

Kenaka ndinakweza moto kufika pa penti yoyera, ndinakodola Benilde. Anayenda pang'onopang'ono, dzanja kumsana, anthu akumupatsa njira. Anaimenya mbama mezayo. Anaikankha ndi manja awiri. Anaigunda ndi chiuno chomwe chija. Iyo ili phee, ikungogwira ntchito yake. Atatero anatembenukira mwamuna wake n'kumufunsa kuti apepese kwa thabwa liti, lam'mbali kapena lapakati, pakuti iye sakuwadziwa maina. Nelito anangoyang'ana zala za kumapazi.

Mdala sanagonje msanga, ndipo pamenepo ndimamulemekeza. Anati kuvina taona, koma golide sitinamuone. Tinagawa mchenga umodzi m'mabasiya awiri, wina wa mdala wolekanitsa ndi merikuliyo, kukawotchera uko kumene mphepo ikupita, wina wa meza yanga. Pa sikelo golide wanga sanachepe. Anaposa ndi kachidutswa ngati njere ya mapira, koma anaposa. A Caetano anasisita ndevu n'kunena kuti lamulo la makolo ndi la m'dzenje, meza si dzenje, akazi angathe kuimapo. Anthu asanabalalike mdala yemweyo anandikokera pambali kufunsa kuti ya iwo ndiyamba liti kukhoma.

Botolo lija Nelito anabwera nalo yekha. Ndinalitseka bwino, ndinaliika m'chitini, ndinathira simenti. Namwino anati mwaye wa m'kozinya umasunga mankhwalawo, ndiye tagwetsa kozinya yonse, ndipo pamene ndikulemba pano Nelito ali m'matope akuumba njerwa za yatsopano. Benilde wamasula katundu wake.

Koma mana, pali chimene sipanala singamange. Amayi a Benilde afika, ndipo mtima wawo sunatsike. Akuti mwana wawo anatukwanidwa pagulu, ndipo kuchimuna palibe mkazi wamkulu amene anatsegula pakamwa kumuikira kumbuyo. Akuti za meza amva, koma meza siisambitsa khanda. Ngati safika munthu wamkazi wa kwathu kudzakhala nawo pamphasa, kupepesa monga mwa mwambo ndi kulonjeza kuti adzakhalapo tsiku lochira, iwo amutenga ndithu mvula isanayambe.

Ndinayesa kulankhula nawo ndekha. Ndinangoyamba bwino, kenaka mawu anakwera, Adelina anandiponda phazi. Iyeyo akuti ndi mlendo m'banja, sangayankhulire mtundu wathu. Amayi athu anatisiya kale. Mwatsala ndinu.

Chonde bwerani. Musadikire kuti mukolole kapena kuti mupeze mphatso. Nkhuku yopepesera ilipo, nsalu ndagula, Nelito ndamuuza kuti adzagwada mpaka maondo achite zipsera. Mukafika pamalire mutumize mawu, ndidzabwera ndi mota kudzakutengani, ndipo ndikulonjeza kuyendetsa ngati munthu. Ngati kumeneko kuli mawailesi akufa, zulani masipika ake muponye m'thumba, pakuti anthu ofuna meza achuluka kuposa maginito.

Ine mbali yanga ndatha, mana. Mwana ameneyu adzapuma mpweya woyera. Chatsala n'chakuti abadwire pafupi ndi chipatala, ndipo zimenezo zili m'miyendo yanu.

Mulungu akusungeni ndi kukufewetserani njira. Mundiperekere moni kwa alamu a Valentim, kwa mwana wanu Laura ndi azing'ono ake, ndi kwa onse a mumpingo amene amatikumbuka. Adelina akuti moni wambiri. Benilde akuti chipinda wasesa kale.

Ndine mlongo wanu,
Baltazar