Pampu ya M'dimba Lanu

Amayi anga, kodi mukupeza bwanji uko muliko?

Kuno tilipo. Mkazi wa mlongo wanga Yohane adachira mu Julayi, mwana wamkazi wonenepa bwino. Chimanga chidachita, koma mtedza udaola ndi mvula yakumapeto.

Ine ndikadali ku kampani ija ya ku Njewa, yopanga mapampu a sola othirira m'madimba. Paja ntchito yanga simunkaimvetsa. Munkati, "Iwe Esinati, zitsulo akupanga ena, nanga iwe pa kompyutapo umatani?" Nayi, Amayi: pampu yathu ikavuta imatumiza uthenga pa foni ya mwini wake, ndipo akatiyankha ife timatumiza wokonza. Mauthengawo ndimalemba ndine.

Chaka chatha tidapereka pampu imodzi kwa amayi aang'ono, mng'ono wanu, kuti aiyesere m'dimba lanu lija ku Kabudula. Tomato ali pa maluwa, pampu idaima. Vuto linali matope m'sefa basi. Uthenga wanga udapita, m'Chingerezi chosalala ndithu, ku foni ya bambo aang'ono, amene anali ku maliro ku Mchinji sabata yonse. Amayi aang'ono adabwerera ku ndowa, ndi msana wawo uja. Theka la tomato lidauma.

Nditapita kukawaona sadandikalipire. Adangondifunsa kuti, "Mwana wanga, makina akowa amalankhula ndi yani? Wogwira ndine, koma akamva kupweteka amakauza munthu amene sadziwa n'komwe pamene pali chitsime, eti?"

Ndidakumbukira mmene munkandiuzira ndikathira mchere wambiri m'ndiwo: "Uzilawa kaye, Esinati, usamangothamanga."

Ndidakhala kumudzi sabata yathunthu, m'dimba ndi azimayi a gulu la Chigwirizano, anzanu aja. Ndidaona zimene sitinkaziona ku ofesi. Pampuyo amaisenza pamutu madzulo aliwonse kuopa akuba, pomwe kunsi kwake tidaikako miyendo yosongoka. Foni imayenda ndi bambo. Manja amakhala amatope, ndipo tizilembo tating'ono padzuwa sitioneka.

Nditabwerera ndidauza abwana kuti tiimitse kaye kugulitsa. Nkhope yawo idasintha. "Azimayi asanu asinthe zimene tajambula chaka chonse?" Ndidaopa, Amayi, poti ntchito masiku ano njosowa. Komabe ndidati, "Bwana, tiyeni mukainyamule nokha kamodzi kokha."

Adapitadi. Adaisenza kuchokera kudimba kulowera kunyumba, azimayi akuwatsata pambuyo. Asadafike pa mtengo wa mango uja adaitula, n'kukhala pansi, akusisita pamutu. Amayi aang'ono adawapatsa madzi, n'kuwauza kuti, "Mwatsala ndi theka, bambo."

Tidachedwa miyezi itatu. Pampu yatsopano njosalala kunsi, imakhala bwino pa nkhata. Ili ndi kanyale kofiira koyaka sefa ikatsekeka. M'malo mwa uthenga wolemba, foni imaitana n'kulankhula Chichewa, pa nambala imene mwini dimba wasankha yekha. Wokonza naye tidamuika pa Kabudula pomwepo. Sizonse zatheka: azimayi akuti paipi njaifupi, ndipo tikukambiranabe.

Poyamba mawu a pa foniyo anali anga, koma azimayi adaseka kuti Chichewa changa chasanduka cha m'tauni. Adasankha amayi aang'ono. Tsiku limene tidayesa mawu awowo ku ofesi, foni idaitana pa tebulo langa, ine n'kuyankha. "Moni. Musade nkhawa, tsegulani sefa mutsuke." Amayi, ndidamva inu. Kakokedwe ka mawu kanu komwe kaja, ngati mukundiitana kuseri kwa nkhokwe. Ndidatuluka panja, n'kukaima kuseri kwa shedi mpaka misozi itauma. Anzanga ankayesa kuti foni yalakwika penapake.

Ndidzabwera mvula isadagwe kudzalambula pamene mudagona, ndipo ndidzakhala pansi pang'ono osathamangira basi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati