Tikiti ya ndege inapita pachabe, mwana wanga akungoti "tazolowera"

Aphungu,

Ndine mayi wamasiye, telala. Mwana wanga woyamba ndi namwino mumzinda wina kutsidya kwa nyanja. Pamene amapita, ndinatenga tepi yanga yoyezera nsalu n'kuyeza pa mapu a pakhoma. Sipanakwane ngakhale mkono wa malaya. Ndinamuseka kuti, "Pompano apa? Ndizibwera kudzakuchapira."

Chaka chatha ali woyembekezera ananditumizira tikiti. Ku ofesi ya ndege, kalaliki anandifotokozera kuti ndege yoyamba ilowera kum'mawa, pomwe mwana wanga ali kumpoto. Ndikatsike dziko lachilendo, ndikhale pabwalo pafupifupi tsiku lonse, kenako ndikwere ina. Ndinafunsa kuti, "Nanga ikandisiya, ndikafunsa ndani, m'chilankhulo chanji?" Iye anangoti, "Mudzaona zikwangwani, mayi."

Ndinabwerera kunyumba. Tsiku la ulendo linandipeza ndili pa makina, ndikupinda siketi ya munthu. Mwana wanga anachira yekha, kudzera opaleshoni. Lero mdzukulu akuyenda, amandidziwira pa foni basi. Ndikayamba kupepesa, mayi ake amati, "Musadzivutitse amama, tazolowera." Mawu amenewo amandilasa. Kodi ndingapemphenso ulendo ndi nkhope yanji?

E.N.K., telala wa kuseri kwa msika

Mayi E.N.K.,

Tepi yanu sinaname, kungoti inayeza mzere wowongoka, umene ndege zambiri sizitsata. Zimayamba zapita ku bwalo lalikulu kumene zimasinthana anthu, ngati mabasi pa depoti. N'chifukwa chake yanu imaoneka ngati ikusochera. Mantha anu si uchitsiru ayi.

Koma m'kalatamu simunanene kuti munamuuza mwana wanu chimene chinakubwezani. Mwina mpaka lero amaganiza kuti munasankha makina m'malo mwa iye. Muimbireni pa tsiku limene sali pa ntchito, mumuuze mosapsatira kuti, "Ndinaopa kusochera." Musayambe ndi za tikiti. Mulekeni alankhule, ngakhale zowawa, chifukwa anagona m'chipatala akuyang'ana pakhomo.

Za ulendowo zili ndi njira yake. Pogula tikiti mukhoza kupempha kuti pakhale wantchito wokuperekezani kuchoka pa ndege ina kufika pa inzake. Mukaonanenso ndi dokotala musananyamuke, mankhwala anu akhale m'chikwama cha m'manja, ndipo nambala ya mwana wanu ilembedwe papepala, osati m'foni mokha. Katundu wa munthu wosamudziwa musamunyamulire, ngakhale akutchuleni kuti amama. Ngati mungathe, sonkhaniko kangachepe pa tikitiyo, aone kuti ulendo uno mwaufuna ndinu.

Ndikuchenjezeni chimodzi. Akhoza kukuyankhani kuti "tiona." Musakwiye, piririni, mudzaimbenso. Koma tsiku limene adzati "bwerani," inuyo musadzayankhe kuti "tiona." Munthu amene wayamba kunena kuti wazolowera saitana kachitatu.

Phungu wanu