Zilembo Zitatu Paphewa la Osmín

Aphungu,

Mundikhululukire kalembedwe. Sukulu ndinalekera kalasi yachitatu kwathu ku Usulután, m'dziko la El Salvador, ndipo zala zangazi zinazolowera kuumba mapupusa, zitumbuwa za chimanga za kwathu zomwe ndimagulitsa, osati kugwira cholembera. Mukapeza mawu opotoka muwongole nokha.

Ndili ndi mwana mmodzi, Osmín, woyamba kubanja kwathu kulowa koleji. Chaka chatha anabwera kunyumba atameta mpala, atavala zofanana ndi anzake anayi, akupatsana moni wopinda zala. Anzakewo ankamutchula kuti Tambala. Aphungu, inetu ku El Salvador ndinathawako chifukwa cha anyamata a mpala, a maina opeka ndi moni wa zala. Otero ndi amene anapha mlongo wanga Rigoberto.

Ndinati, "Iwe, ndinawoloka malire atatu uli m'mimba kuti udzalowe zomwezi?"

Iye anangoseka. "Amayi, Tambalayo n'chifukwa ndimawadzutsa aulesiwa kuti akawerenge. Ili ndi gulu la ubale la pakoleji. Mubwere mudzaone nokha."

Ndinapitadi, tsiku lokumbukira kubadwa kwa gululo, korona yopempherera ili m'manja. Anayankhula bambo Heriberto Colón, mkulu waimvi wa ku Puerto Rico, mmodzi mwa oyambitsa. Anati kalelo pakoleji yawo ku New Jersey, anyamata oyankhula Chisipanishi unkawawerenga ndi zala, ndipo ambiri sankafika chaka chachiwiri. Magulu a ubale analipo, koma ukagogoda ankakufunsa ngati wabwera kudzakolopa. Tsono iwo ankakumana m'chipinda chochapira zovala, poti n'komwe kunkafunda nthawi yachisanu. Tsiku lina mnzawo anasowa. Atakafunsa anapeza kuti analongedza katundu kalekale n'kubwerera kufakitale, popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa. Manyazi amenewo ndi amene anabala gululi. Analumbira kuti palibe adzadye yekha, ndipo palibe adzachoke wopanda digiri. Popita kukapempha chilolezo kwa akuluakulu a koleji anayenda pamzere, wamfupi patsogolo, aliyense dzanja paphewa la mnzake, kuti wina akatsala adziwike msanga. Mpaka lero olowa kumene amayenda choncho.

Nthambi ya pakoleji ya Osmín anaiyambitsa anyamata ena pambuyo pake, mmodzi mwa iwo wa ku San Miguel, kwathu ku El Salvador. Ankakwera basi kupita ku New Jersey kukaphunzira mwambo, kubwerako n'kulowa m'kalasi asanagone. Osmín ndi anzake anaima n'kutchula maina a anthu onsewa pamtima, mokweza, osaphonya. Mwana amene kunyumba amaiwala kutaya zinyalala. Ndinalira.

Anawa ndinawakonda, Aphungu. Amamasulira makolo onga ine pamisonkhano ya sukulu. Atandichita opaleshoni ya bondo ankasinthana kudzandinyamulira ufa. Wina wa ku Santo Domingo, dzina lake Yunior, amati akakhuta mapupusa, "Amayi, tambala wanuyu akulira molawirira kwambiri. Akapitiriza timuphika msuzi." Osmín amayankha kuti, "Iwe ukanakhoza masamu popanda ine, mbuzi iwe?"

Vuto langa nali. Asanu onsewa apangana kuti mwezi wamawa akadinditse paphewa zilembo zitatu za Chigiriki za gulu lawo, zija zosafufutika. Pomwe mu Disembala Osmín akupita kwathu kukaona mayi anga, a Tomasa, amene akudwala. Ine mapepala anga sandilola kutuluka m'dziko muno, ndiye iye akupita m'malo mwanga. Kwathuko asilikali akaimitsa basi amavula anyamata malaya, kufunafuna zodinda za magulu a zigawenga. Msilikali Chigiriki sachidziwa. Akaona zilembo pakhungu la mnyamata wa mpala, nkhani yatha. Mdzukulu wa aneba athu anamutsitsa m'basi chifukwa cha dzina la mayi ake lomwe anadinda pachifuwa, ndipo sanabwerebe.

Nditamuuza anati, "Amayi, pasipoti yanga ndi ya kuno. Komanso pamzere sipatsala munthu. Anayi adinde, ine ndekha phewa loyera?"

Sindifuna kunyoza chinthu chomwe chandisungira mwana pasukulu. Koma sindikuona tulo. Tsiku lodinda aikiratu, ulendo wakonzeka, mayi anga akufooka, ndipo Osmín sindinamuyankhebe.

E. Q., Hempstead

Mayi E. Q.,

Kalata yanu yamveka yonse, palibe chowongola. Ndipo mantha anuwa ndi anzeru. Poyamba paja munaopa mpala ndi moni, munapita kukaona, munasintha maganizo. Ulendo uno simukulakwitsa.

Musayambe ndi kuletsa. Osmín ndi munthu wamkulu, mukamuopseza akadinda mobisa, n'kukwera ndege inu osadziwa chomwe chili pansi pa malaya. Khalani naye pansi awiriwiri, mumuuze zomwe mwandiuzazi, kuti gulu lake mumalinyadira. Kenako mumufotokozere za mdzukulu wa aneba uja mwatsatanetsatane, dzina lake, msewu wake, ndi momwe mayi ake akukhalira lero. Iye kwanuko amakudziwira pafoni basi. Pasipoti imakhala m'thumba, pomwe khungu limaoneka munthu asanafunsidwe dzina.

Mukatero, muwaphikire onse asanu. Nkhaniyi ndi yawo limodzi, poti anapangana limodzi. Muwakumbutse chifukwa chomwe bambo Heriberto ndi anzawo anagwirirana mapewa: kuti mnzawo asasowenso iwo osadziwa. Muwafunse kuti ngati pamzere sipatsala munthu, chovuta n'chiyani kuti onse adikire mpaka Osmín atabwerako. Sindikukhulupirira kuti Yunior wokhuta mapupusa uja angakane. Mufunsenso, Osmín ali pomwepo, ngati kudinda kuli m'malamulo a gulu. M'mbiri yomwe mwandisimbirayi ndamva za kudya pamodzi ndi digiri, za inki sindinamvemo. Akafuna kukafunsa bambo Heriberto, mupite naye limodzi. Musamulambalale, angachite manyazi pamaso pa anzake.

Paulendowo tsitsi alilekerere likule kuyambira pano. Ngati ali ndi jekete la zilembo za gulu, lisiyidwe kunyumba, ndipo zithunzi za moni wa zala azichotse m'foni.

Koma mumve ichi, mayi. Kudikira Januwale kukungoteteza ulendo umodzi. Zilembozo zikadzalowa pakhungu, adzayenda nazo ulendo uliwonse wotsatira, ngakhale wa maliro. Zimenezi azidziwe asanagone pampando wa wodindayo. Ndipo akakana zonse n'kudinda mwezi wamawa, musamukweze ndege. A Tomasa amuone pafoni. N'zowawa, koma iwo anataya kale mwana mmodzi, Rigoberto.

Aphungu