Luntha Wayamba Kulankhula Chichewa

Woolwich, 14 Novembala 1996

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako. Kuno kwazizira, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

Mnyamata wanu Luntha wapeza chibwenzi kuyunivesite, munthu wa ku Finland. Mukudziwa kuti mwanayu amandiyankha m'Chingerezi chokhachokha, koma akamakamba za mnzakeyu amalankhula Chichewa. "Iye amaphika bwino, Amayi. Iye abwera Lamulungu."

Dzina lake akuti Kaino. Ndinafunsa kuti, "Kodi ndi he kapena she?" Luntha anaseka, nati, "Kwawo amangoti hän, monga ife timati iye. Sasiyanitsa." Atatero anathamanga kukakwera basi.

Bambo ake sindinawauze kanthu. Lamulungulo ndidzaphika nkhuku, koma chitseko ndidzatsegula ndekha kuti ndiyambe ine kumuona. Mutipempherere.

Ndine mng'ono wanu,
Bester