Madzi Akana Kutuluka

Lolemba, 30 Juni 2025. Tsiku la 41 la eda.

Arobaini, sadaka ya tsiku la makumi anayi ya amuna anga a Mustapha, yatha dzulo. Anthu abalalika. Mikeka yabwerera kumzikiti, mapoto kwa eni ake. Mwana wanga Tionenji wakwera minibasi ya m'mawa, mawa ali pantchito ku Lilongwe. Tatsala awiri, ine ndi achemwali anga a Masiye, amene akundikhalira mpaka eda yanga, masiku odikira a mkazi wofedwa, ikwane.

Ndiye makina otsukira mbale asankha lero. Tionenji anawadzaza dzulo, nadina batani, tinawasiya akulira ngati kale. Lero kutsegula, madzi ali mbuu pansi, mafuta a mbuzi akuyandama. Kagetsi kofiira kakungophethira.

Chimwalirireni a Mustapha ndinali ndisanawayatsepo. Mbale ziwiri, makapu awiri, makina achiyani.

Anabwera nawo kuchokera ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, atawakulunga m'bulangete ngati wodwala. Dera lonse linatiseka. Nyanja ili apa pomwe, munthu n'kumagula makina otsukira mbale. Iwo anangoti, "Manja a mayi a Tionenji sadzalowanso m'madzi ozizira." Nkhani yake ndi nyamakazi yangayi. Lero mwera ukuwomba ndipo zala zatupa kale.

Khitchini ikuoneka yaudongo mwachilendo. Kampata kamene a Mustapha ankasiya dala pakati pa makina ndi khoma palibenso. Zaka zonsezi ndinkalongolola nako, masipuni kugweramo, mphemvu kumangamo mudzi. Wina wandikonzera osandiuza. Sindikusangalala.

Lachiwiri, 1 Julayi. Tsiku la 42.

A Masiye pakamwa sipakhala chinthu. Apita kukagula tomato, masana alamu anga a Ahmad atulukira kale. Aima pakhonde, ine kuseri kwa katani, monga mwa lamulo.

"Alamu, ndamva makina afa. Musavutike nawo. Loweruka ndibwera ndi galimoto ndikawakonzetse ku boma."

Kukawakonzetsa. Njinga yamoto inapita kukakonzedwa sabata yachiwiri ya maliro. Firiji ya nsomba inatsatira, yopanda vuto lililonse. A Masiye anaiona m'golosale ya alamuwo, yodzaza ndi zakumwa, zolemba za a Mustapha zikadali pachivundikiro.

Anali ndi matenda olemba pa zinthu bambo aja. Kapepala komata pa mita ya magetsi, pa thanki, pa chitseko cha bafa chimene chimafuna kunyamula pang'ono. Ndinkawanena kuti nyumba mwaisandutsa sukulu pomwe mphunzitsi ndine. Masiku makumi anayi awa ndazungulira nyumba yonse, ndawerenga timapepala tonse mpaka ndatiloweza.

Njinga ndinaileka. Firiji ndinaileka. Makina awa ayi. A Mustapha sanagulire banja, anagulira manja anga. Loweruka akawapeza akugwira ntchito, alamu asowa chonamizira.

Koma mwamuna wachilendo sangalowe muno ndili pa eda, ngakhale mmisiri. Ndaimbira a Yohane, okonza zamagetsi ku loji ina ku Senga Bay, anzawo a bawo a malemu. Ayamba ndi pepani wautali. Kenako akuti, "Mayi, manja akhala anu, ine ndikhala pafoni. Choyamba zulani pulagi. Chachiwiri tungani madzi onse."

Ndatunga ndi kapu. Theka la ndowa. Fungo lake la tsiku la sadaka.

Lachitatu, 2 Julayi. Tsiku la 43.

Sefa. Ili pansi pakati, umaipotokolera kumanzere n'kuzula. Zala zakana kawiri, kachitatu ndaikulunga ndi kansalu.

Zimene ndapezamo: mpunga wofufuma, kafupa ka mbuzi, chotokosera m'mano, ndi mchenga wodzaza chikhatho. Mchenga ndaudziwa mwini wake. Azimayi ophika anakwecha zivundikiro za mapoto ndi mchenga monga amachitira kudooko, kenako n'kuziponya m'makina kuti awatsukuluzire. Sindingawakwiyire. Anaima pamoto kuyambira m'bandakucha chifukwa cha amuna anga.

A Yohane akuti kwechani sefayo ndi mswachi wakutha. M'nyumba muno mswachi wopanda ntchito ulipo umodzi wokha. Wobiriwira, m'kapu ya kubafa, pafupi ndi wanga. Ndinaugwira nthawi yaitali. Ndaubwezera pamalo pake. Ndakwecha ndi wanga, mawa a Masiye akandigulira wina.

Sefa yayera, ndaibwezera, ndayatsa. Magetsi azima pomwepo. Abwera litadutsa pemphero la swala ya masana. Makina atunga madzi bwinobwino, azunguza, afika potulutsa. Kung'ung'udza, kung'ung'udza, zii. Kagetsi kofiira kaja.

Ndatunganso ndi kapu. A Masiye akuti, "Iwe, ingowapatsa alamu akowo, mbale ndizitsuka ine." Sakumvetsa. Ndinangolowa kuchipinda.

Lachinayi, 3 Julayi. Tsiku la 44.

A Yohane abwera panjinga. Munthu waulemu. Aima kunja kwa zenera la khitchini atafulatira, akuyankhula ndi mtengo wa mango. Sikuludiraiva adutsitsa kwa a Masiye. Ndikanakhala pa masiku ena ndikanaseka.

Lero pampu. Pansi pa sefa pali kachivundikiro, kuseri kwake kachigudumu ka timapiko. Akuti pisani chala muzungulitse, samalani ndi magalasi osweka. Ndagwada pa simenti yozizira, mutu m'makina, tochi pakamwa. Kakuzungulira bwino. Palibe galasi, palibe fupa.

"Ngati ikung'ung'udza ndiye kuti pampu ili moyo," atero. "Chatsala ndi paipi yotulutsa madzi, ili kumbuyo. Koma kukoka chimakinachi ndi manja anuwo, mayi, sindikudziwa."

Apita. Ndakhala pansi pomwepo.

Lero ndakwiyira a Mustapha. Ndilembe chomwecho, Allah andikhululukire. Munthu wodziwa kuti magazi ake amathamanga, mapilitsi n'kuwasiya pa tebulo, ati boti la kuchilumba cha Mbenji silidikira. Anagwa padooko akukweza madengu a nsomba. Pofika kuchipatala anali atapita. Tsiku limenelo anandigwedeza phewa potuluka, ine ndili m'bulangete, ndipo mawu anga otsiriza kwa mwamuna amene ndinakhala naye zaka makumi atatu anali akuti, "Musaiwale sopo."

Tionenji waimba madzulo. Akuti amayi, ndi makina chabe. Ndavomera kuti asadandaule.

Lachisanu, 4 Julayi. Tsiku la 45.

Tadikira amuna onse apite kumzikiti, kuti wina asamve phokoso n'kukauza alamu. A Masiye mbali iyi, ine mbali iyo, chiguduli pansi pa miyendo ya makina. Nkhalamba ziwiri kulimbana ndi chitsulo. Pang'ono pang'ono asuntha.

Tikukoka ndi pamene a Masiye akumbukira. Loweruka lija matumba a mpunga wa sadaka anasowa malo, azimayi anakankhira makina kukhoma. Kampata kanga kaja ndi mmene kanathera.

Ndasuzumira ndi tochi. Paipi yotuwa, yapindika pakati ngati bondo, yafinyika pakhoma. Madzi akanadutsa pati.

Pamwamba pake, pa msana wa makina, kapepala komata. Kachikasu ndi fumbi. Zilembo zawo zopendekera kumanzere zija. Kameneka ndinali ndisanakawerengepo.

Ndikukopera mmene kalili:

"Mayi a Tionenji, paja simumva za kampataka. Mukakankhira kukhoma paipi imapindika, madzi satuluka. Ingowongolani ndi dzanja, si ntchito yovuta. Ndikakhala kulibe musandidikire."

Anandiuzadi, kangapo. Ine ndinkayankha za mphemvu.

Ndikudziwa ankanena za ku Mbenji, masabata awiri atatu amene ankakhala kuchilumba. Ndikudziwa.

Ndawongola paipi ndi dzanja. Sinali ntchito yovuta. Pulagi, batani. Atunga, azunguza, afika potulutsa, ndiye ndamva madzi akuthamanga m'paipi, khuu, mpaka kungalande ya kuseri. A Masiye aomba m'manja. Ine ndakhala pansi. Ndalira kuposa tsiku la maliro, nditatsamira makina ofunda, mpaka achemwali anachita mantha.

Loweruka, 5 Julayi. Tsiku la 46.

Ndinadzuka ndi nzeru. Ndatulutsa mbale zonse za m'kabati, zoyera kale, ndadzaza makina. Galimoto ya alamu imaima pabwalo makina ali pakati pa ntchito, akumveka mpaka kumsewu.

A Ahmad aima pakhonde, zingwe m'manja. Amvetsera. "Kodi achira?"

Ndati eya alamu, achira.

"Wakonza ndani? Muno mwalowa mwamuna?"

Ndati akonza ndi achimwene anu.

Ndimawaona pa kampata ka katani, akupinda zingwe zawo pang'onopang'ono. Maso awo anali ofiira. Ndinaiwala kuti nawonso anaika m'bale wawo. Apita osatsanzika. Za firiji sindinafunse.

Makina tawasiya pomwe tinawakokera. Kampata kabwerera, dzanja limodzi kuchoka kukhoma. Sipuni yagweramo kale.

Kapepala ndakasiya pamalo pake, sindinakamatule. Masana ndapezeka ndagwada ndi tochi, kachitatu lero.

Musandidikire. Ndamva, bambo. Koma lamulo likuti miyezi inayi ndi masiku khumi, ndipo masikuwo akadzakwana, akadzandichotsera katani pakhomo, sindikudziwa kuti ndidzaleka bwanji.

Poyala tebulo madzulo ano ndatulutsa mbale zitatu. A Masiye anaona. Yachitatuyo ndaiika m'makina pamodzi ndi zinzake, yosadyerapo.